Buku Lokulunga M'jumbo ya Shuga

Sukulu imene ndinkaphunzitsa ili kunja pang'ono kwa Dowa Boma, pamene nyumba za malata zimathera n'kuyamba minda. Ndi sekondale ya boma, yoyendera. Ana athu ndinkawagawa patatu mumtima mwanga, ngakhale kaundula sankawagawa choncho. Panali ana a apolisi, a anamwino ndi a ogwira ntchito ku khonsolo, obwera ndi nsapato zopolisha, amene ankachoka pakati pa chaka makolo awo akasamutsidwa. Panali ana a m'midzi ya cha ku Msakambewa, okwera ndi kutsika zitunda m'mawa uliwonse, ofika miyendo ili mame okhaokha. Amenewa sankapita kulikonse: ukaphunzitsa uyu chaka chino, chaka chamawa ulandira mng'ono wake. Ndiye panali ana a matenanti a m'maesiteti a fodya, ambiri ochokera kummwera. Iwowa ankabwera ndi fodya n'kupitanso ndi fodya.

Teremu yoyamba kalasi inkadzaza, atatu pa desiki ya awiri, ena pansi. Mvula ikafika pakati, mipata inkayamba kuoneka ngati m'kamwa mwa mwana wochoka mano. Ine ndinkayang'anira Fomu 4, ndipo kaundula wanga ndinkanyadira naye kuposa mmene zimayenerera. Munalibe chofufuta, munalibe chodetsa. Mwana akachoka ndinkatenga rula ndi cholembera chofiira, mzere umodzi wowongoka, nkhani yatha. Anzanga m'chipinda cha aphunzitsi ankandiseka kuti ndimaika maliro mofulumira, wodwala asanatsirizike. Ine ndinkawayankha kuti awo makaundula awo ali ngati munda wosapalira.

Ana a matenanti anali ndi katsanzikidwe kawokawo. Sankabwera ku ofesi kudzanena kuti akuchoka, kaya ndi manyazi, kaya galimoto yowanyamula sinkadikira. Ankangotuma mnzawo kudzabweza mabuku a sukulu. Tonse tinkachidziwa chimenechi, kuyambira ahedi mpaka alonda: buku likabwera lopanda mwini, mwanayo wapita.

Chaka chimenecho m'kalasi mwanga munali mtsikana wina wamtali, wosayankhulayankhula, makolo ake matenanti ochokera cha ku Mulanje. Sanali wanzeru zodabwitsa. Pamayeso ankakhala pakatikati, koma bayoloje, phunziro langa, ankalimva, ndipo buku limodzi mwa mabuku ochepa amene tinali nawo ndinamubwereka iyeyo. Makope ake ndinkawazindikira ndisanawerenge dzina, chifukwa m'makona mwa masamba munkada ndi utomoni wa fodya. Kumayambiriro kwa February anajomba masiku atatu, kenako sabata yathunthu. Lolemba lotsatira mnzake wokhala naye desiki imodzi anandibweretsera buku lija, atalikulunga bwinobwino m'jumbo ya shuga, nati watumidwa. Ndinalilandira, ndinathokoza, sindinafunse kanthu. Tsiku lomwelo ndinadula mzere wofiira pa dzina lake, ndipo bukulo ndinapatsa mwana wina.

Sabata yomweyo panafika mndandanda wa ana olemba mayeso a boma, kuti aliyense aone ngati dzina lake lalembedwa bwino, asaine. Wosasaina dzina lake linkachotsedwa. Ahedi athu anali bambo abwino ndithu, koma chinthu chimodzi chinkawasowetsa mtendere: zotsatira zikatuluka, mahedi akakumana amafunsana kuti kwanu akhoza angati mwa angati. Mwana woti dzina lilipo koma pamayeso sanaoneke ankangotikokera pansi. Choncho anandiitana n'kundifunsa kuti m'kalasi mwanga wachoka ndani, kuti asatengere dzina la munthu amene kulibe. Ndinatchula mtsikana uja osaphethira n'komwe. Anaika kamtanda ka pensulo pambali pa dzina lake, nati mndandandawo aupititsa okha Lachisanu masana.

Lachisanu m'mawa ana akusaina, mnzake uja anasaina n'kuimabe pomwepo, akupotokola cholembera.

"Madamu, nanga mnzanga uja asaina liti?"

Ndinamuuza kuti wochoka sasaina. Anandiyang'ana modabwa, nati mnzakeyo sanachoke, ali ku esiteti konkuja. Mayi ake abereka kumene, ndiye akusoka fodya m'malo mwawo. Ndinamukalipira kuti bwanji sananene tsiku limene anabweretsa buku lija.

"Simunandifunse, madamu."

Mawu amenewo anandibaya, chifukwa anali oona. Safunsa adadya phula, ndipo ine ndinali nditadya langa ndekha, popanda wondikakamiza. Mantha anandigwira. Ndinkadziwa bwino kuti mwana wa tenanti akaphonya mayeso alibe chaka china. Fodya akagulitsidwa banja limakwera lole, ndipo kumene likupitako palibe amene angamubwezere ku Fomu 4. Zaka zake zinayi ndinali nditazidula ndi rula.

Ndinathamangira kwa ahedi. Sanandinyoze, ngakhale mpata anali nawo. Anangovula magalasi n'kundifunsa ngati mwanayo angakhoze, poti wajomba chonchi. Ndinati sindikudziwa, koma alembe. Kenako anati adikira mpaka fili koloko, ikakwana akwera minibasi.

Ndinapeza wa kabaza pamsika, tinanyamuka. Msewu wopita ku esiteti imeneyo nthawi ya mvula ndi matope okhaokha. Potsetsereka pawiri ndinatsika n'kuyenda pansi, nsapato zili m'manja, wa kabaza akundiseka kuti aphunzitsi lero aona kumene ana awo amachokera. Ndinamuuza kuti ayang'ane msewu. Koma zoona zake, zaka zonsezo ndinali ndisanapondeko.

Tinawapeza m'chigafa, mumthunzi mopachika fodya muja. Bambo ake anali pamwamba akupachika, mtsikanayo ali pansi pakati pa mulu wa masamba aawisi, singano ili m'manja. Atandiona anadzidzimuka n'kubisa manja kumbuyo. Bambowo anatsika, tinapatsana moni, ndinafotokoza chimene ndadzera. Ndinanena mosabisa kuti kulakwa ndi kwanga, ndinayesa kuti achoka poona buku labwezedwa.

Mtsikanayo anayankha chapansipansi kuti denga la nyumba yawo likudontha paliponse, ndipo manja ake masiku amenewo sankayera ngakhale asambe chotani. Anaopa kuwononga buku la sukulu, n'chifukwa chake analitumiza kwa ine kuti likhale pabwino mpaka abwerere.

Bambo ake sanakane kuti mwana akasaine. Iwonso ankafuna alembe. Koma analoza mulu uja, nati masamba othyola m'mawa akagona paunjike amatentha n'kuwonongeka, ndipo kapitawo akadzaona, mlandu ndi wawo. Manja osoka analipo awiri okha, a mwanayo.

"Aphunzitsi, ndikamulola apite, awa asoka ndani?"

Pali chinthu chimene kusukulu kuja sindinkachinena. Ndinakulira m'mapiri a ku Ntchisi, kwa makolo olima fodya, ndipo ndinayamba kusoka ndisanadziwe kulemba dzina langa. Nditapita ku koleji ndinalumbira kuti tsamba la fodya sindidzaligwiranso. Tsiku limenelo ndinamanga chitenje pamwamba pa diresi, n'kukhala pansi pamene panali mtsikanayo.

"Bweretsa singanoyo. Iwe kwera njinga ya wa kabazayo, usaime paliponse."

Bambowo anayesa kundiletsa, akuti sizoyenera, anthu amva bwanji. Ndinawauza kuti aziyang'ana zopachika zawo. Masamba oyamba ndinabaya mokhota, ena ndinang'amba, ndipo ndinawaona akutembenukira kumbali kubisa kuseka. Koma manja saiwala. Posakhalitsa zala zinayamba kuyenda zokha, fungo lija linandilowa m'mphuno mpaka kumutu, msana unayamba kuwawa malo omwe aja unkawawa ndili mwana. Wotchi ndinkangoiyang'anayang'ana. Thu koloko inakwana, mvula inayamba kuwaza, ndipo ndinkangoganiza za potsetsereka paja. Mayi a mwanayo anatuluka ndi khanda kumsana, nandipatsa chimanga chootcha, koma ndinachiika pambali n'kupitiriza kusoka.

Itangopitirira fili koloko foni yanga inalira. Ndinaitola ndi nsonga za zala, manja ali bii. Anali ahedi. Anati mwana wafika ali matope mpaka m'mawondo, wasaina, kamtanda kaja afufuta, ndipo iwo ali kale mu minibasi. Anawonjezera kuti pepala la boma lada ndi chala chake pakona, kaya kumeneko akanena chiyani. Ndinaseka mpaka misozi, mtima unakhala pansi, ndipo ndinazindikira kuti kuyambira m'mawa ndinali ndisanapume bwino. Dzina limenelo ndi lomwe linadzaoneka miyezi ingapo pambuyo pake pakati pa ana okhoza, osati pamwamba ayi, koma linalipo.

Mzere wofiira sufufutika. Dzina lake ndinachita kulilembanso pansi penipeni pa tsamba, kunja kwa ndondomeko, ndipo kaundula wanga wokongola uja anaipa chaka chonse. Anzanga anandiseka mokwanira, makamaka poona zala zanga zakuda zikugwira choko sabata yathunthu.

Koma izo zinali zam'tsogolo. Madzulo a Lachisanu lija dzuwa lisanalowe, njinga inabwera naye pachigafa. Mulu unali utatsala pang'ono kutha. Anatsika, anagwada pambali panga n'kulandira singano yake, nayang'ana mmene ndasokera. Ndikumasula chitenje kuti ndizipita, anandifunsa mwaulemu, maso ali pansi.

"Madamu, buku lija mukundisungirabe? Lolemba ndibwera."

Ndinati inde, lili pabwino. Loweruka m'mamawa ndinayenda wapansi mpaka kwawo kwa mwana amene ndinamupatsa uja kukalitenga, ndipo pobwerera ndinaima pagolosale kupempha jumbo ya shuga.