A Tashtanbek a Mpando wa Kumbuyo

Kwathu kuno mtengwa satchula dzina la akulu ake a mwamuna wake, choncho zaka zonsezi ndakhala ndikungowatcha alamu. Koma poti lero sali pafupi, ndilitchula: ndi a Tashtanbek. Pa nthawi yawo panalibe munthu wamkulu thupi kuwaposa m'mudzi muno mwa Kara-Bulak, ndipo ntchito yawo inali kukhala pansi.

Sindikunyoza ayi. Msewu wochoka m'mudzi muno kukalowa mumsewu waukulu wa ku Naryn umakwera chitunda chomwe timachitcha Khosi la Ngamila. Chipale chofewa chikagwa, dzuwa n'kuchisungunula masana, chisanu n'kuchiumitsanso, pamsewupo pamasalala ngati galasi. Magalimoto athu akalewa amakankha ndi matayala a kumbuyo, ndipo kumbuyoko n'kopepuka. Ukafika pakati pa chitunda matayala amangozungulira pamodzimodzi, kenaka galimoto imayamba kubwerera kumudzi chafutambuyo, pang'onopang'ono, ana a sukulu akuiperekeza ndi nyimbo.

Asanapeze ntchito yokhala pansiyi, alamu anayesa zingapo. Ubusa unawakanika chifukwa mahatchi akawaona akubwera ndi chishalo ankathawira kuphiri. Anayesanso kukonza madenga, koma atalowa m'nyumba ya aphunzitsi kudzera kudenga, eni ake akumwa tiyi, anthu anasiya kuwaitana.

Mwayi wawo unabwera tsiku lina amuna anga, a Esenkul, atakanika pa Khosi la Ngamila ali ndi mkwatibwi m'galimoto pamodzi ndi azakhali ake awiri owonda. Anali atabwerera kale chafutambuyo kangapo, mkwatibwi akulira, azakhali akunena kuti n'chizindikiro choti banjali silidzalimba. Alamu ankangodutsa, ndipo anapempha kuti alowe pang'ono afunditse mapazi. Atakhala, galimoto inagwada kumbuyo. Amuna anga anati ayesenso komaliza, ndipo inakwera mpaka pamwamba osatsokomola n'komwe.

"Achimwene, mwachita chiyani?" anafunsa amuna anga.

"Ndakhala."

"Ndiye musasunthe."

Kuyambira pamenepo dalaivala aliyense wofuna kutuluka m'mudzi nyengo yachisanu ankayamba wagogoda kwa a Tashtanbek. Mwina mufunsa kuti bwanji osangoika matumba a mchenga m'buti. Ine ndinafunsa zomwezo mpaka malovu kuuma. Amuna anga ankayankha kuti thumba limafuna kulinyamula pomwe achimwene awo amalowa okha, komanso kuti m'buti ndi malo a nkhosa. Eni akewo ankangoti, "Mchenga sudziwa msewu, mlamu."

Ntchitoyo ankaigwira mwaulemu wake. Ankabwera ndi mtsamiro wawo waubweya, n'kuuyala pakati penipeni pa mpando wa kumbuyo, ena onse azionera okha pokhala. Pofika m'tsinde mwa chitunda ankavula chipewa n'kulamula kuti aliyense atseke pakamwa. Kenaka ankakoka mpweya wambiri n'kuusunga, masaya ali tuu, amati potero akuwonjezera kulemera. Pamwamba akautulutsa mpweyawo, magalasi onse ankachita nkhungu, dalaivala n'kuima kaye kuti apukute.

Ndalama sankalandira. Lamulo linali loti mkazi wa dalaivala awadyetse m'mawa asananyamuke, ndipo apa ndi pomwe ine ndinkapsera mtima. Batala amene ndinkasunga m'chifu chouma cha nkhosa kuti atifikitse ku nyengo ya msipu ankatha chipale chisanafike n'komwe m'mawondo. Ndikawapakira mochepa pa buledi ankamukweza n'kumuyang'ana cha kuwindo.

"Mlamu, ndikuona dzuwa kudzera m'batala uyu. Ine ndilibe nazo kanthu, koma mukabwerera chafutambuyo musadzatchule dzina langa."

"Dzina lanu sinditchula ndi kale, alamu. Idyani muzipita."

Kuwonjezera apo, paliponse pomwe galimoto yapita nawonso afika. Maukwati onse ndi maliro onse a kutsidya kwa chitunda ankapezekapo, osadziwa wokwatiwa kapena womwalira, koma atakhala pafupi ndi mbale, mafuta a mchira wa nkhosa akuyenderera m'zigongono. Madalaivala awiri anakanganapo pa chipata chawo, wina atagwira mkono uwu wina uwo, iwo ataima pakati akumaliza tiyi. Koma chipale chikangosungunuka, madalaivala omwewo ankawadutsa pamsewu nkhope atatembenuzira kwina, poopa mafuta a galimoto. Alamu ankasasa fumbi pa malaya n'kunena kuti, "Asiyeni, chisanu chikubwera."

Mwini weniweni wa kulemerako anali akazi awo, a Uulkan, kamunthu kochepa koti mphepo ya kuphiri ikanatha kukanyamula. Udzu ukangoyamba kuuma ankayamba kunenepetsa ziwiri nthawi imodzi: hatchi yodzapha kuti ikhale ndiwo nyengo yachisanu, ndi amuna awo. Sikelo analibe. Ankawakumbatira pabwalo, ife tikuona, n'kuyesa ngati zala zawo zingakumane kumsana.

"Tsiku lomwe zala izi zidzagundane," ankatero, "mudzi uno sudzatuluka mpaka chipale chisungunuke."

Sizinagundanepo.

Zinthu zinayamba kusintha anyamata opita kukagwira ntchito ku Russia atayamba kubwera ndi magalimoto okoka ndi matayala a kutsogolo. Amenewo amakwera Khosi la Ngamila wailesi ikuimba, ndipo munthu wolemera kumbuyo amangowasokoneza. Ogogoda kwa alamu anayamba kuchepa, mpaka inangotsala galimoto yathu, chifukwa amuna anga ndi oumira ndipo amati adzaikidwa nayo m'manda. Kenaka chaka china, titangomaliza kututa udzu wa ziweto, a Uulkan anadwala masiku ochepa n'kutisiya.

Alamu anasiya kudya. Sanalengeze, ankangokankhira mbale patsogolo pang'ono n'kuthokoza. Ine amene ndinkawawerengera batala ndinayamba kuwapakira mpaka buledi kupindika, koma ankangoluma pakona. Zinkandiwawa kwambiri, ndipo ndikamva kuwawa ndimakalipa, choncho ndinawakalipira. Sizinathandize.

Ayezi woyamba atagwira msewu, alamu anafika m'mawa ndi mtsamiro wawo monga mwa masiku onse. Chikhoti chinkangolendewera pa mapewa. Ulendowo ndinali nawo, tinkapita kukaona mwana wathu ku Naryn. M'tsinde mwa chitunda anavula chipewa, nakoka mpweya. Tinafika pakati, matayala anazungulira pamodzimodzi, ndipo tinayamba kubwerera. Ana a sukulu anayambitsa nyimbo yawo ija, koma ataona yemwe anali pampando wa kumbuyo anaisiyira pakati.

Galimoto itaima m'munsi, alamu anatulutsa mpweya uja pang'onopang'ono.

"Ayezi wa chaka chino ndi wina," anatero.

"Ndi winadi, achimwene," anayankha amuna anga, maso ali pa chiwongolero.

Alamu anatsika n'kumapita kwawo wapansi. Mtsamiro anausiya pampando.

Kuchokera tsiku limenelo sanatulukenso m'nyumba. Chakudya chomwe ndinkawapititsira chinkathera kwa galu wawo, yemwe ananenepa mpaka kulephera kudumpha ngalande. Ndinaona poyera kuti munthuyu sadzafika ku nyengo ya msipu. Akazi awo anali atapita, ndipo tsopano chitunda nachonso chinali chitawauza kuti alibe ntchito.

Ndinatenga chitsulo chokumbira ndi matumba atatu a ufa opanda kanthu, n'kupita kumtsinje. Mchenga unali utaundana ngati mwala, ndipo ndinauswa ndikutukwana a Tashtanbek, amuna anga, galimoto ndi yemwe anamanga mudzi m'munsi mwa chitunda. Matumbawo ndinawakoka pa chileyi cha ana, limodzilimodzi, n'kuwalonga m'buti, pamwamba n'kuphimba ndi kalapeti wakale.

"Nanga nkhosa tiziika pati?" anafunsa amuna anga.

"Muziifungata. Pitani mukawauze achimwene anu kuti tsiku lija vuto linali inu."

"Ine ndinalakwa chiyani?"

"Ganizani panjira, simusowa zolakwa."

Amuna anga akamanama makutu amafiira, choncho ndinawakokera chipewa mpaka m'khosi. Anakawauza kuti anali atapopa matayala mopitirira muyeso, ndipo kuti kutsidya kuli ukwati woti sangakafikeko popanda iwo. Anawachonderera mpaka tiyi kuzizira. M'mawa mwake alamu anatulukira pa chipata chathu.

Anavula chipewa, nakoka mpweya, ndipo galimoto inakwera Khosi la Ngamila ngati mtsikana. Amuna anga anaimba hutala mpaka agalu a m'mudzi onse kuyankha. Ku ukwatiko alamu anadya kanthuli kamodzi ka mafuta a mchira, ine ndikuwayang'anira m'mbali mwa diso. Ulendo wotsatira anadya tiwiri. Amuna anga, omwe amaumira mafuta a galimoto ngati ndi magazi awo, anayamba kupeka maulendo. Tinakapepesa maliro a anthu omwe sitinkawadziwa n'komwe. Nkhosa ikakhalapo inkakhala pamiyendo pa alamu, ndipo atafunsa chifukwa chake tinawauza kuti loko wa buti anafa.

Zinayenda choncho mpaka chisanu chinafika pakati. Tsiku lina amuna anga anatsitsa matumba aja kuti akatenge malasha, n'kuiwala kuwabwezera. M'mawa mwake ndinadzuka msanga kuti ndiwalonge alamu asanafike. Awiri ndinali nditalowetsa kale. Lachitatu ndinali nditalikumbatira, ndikubuula nalo, pomwe ndinamva chipale chikulira kumbuyo kwanga. Nditatembenuka ndinawaona ataima, mtsamiro uli m'khwapa.

"Ndi ufa," ndinatero.

Pakona pa thumbalo panali kabowo, ndipo mchenga unkathothokera pa chipale pakati pa ine ndi iwo. Tonse tinauyang'ana.

"Ufa wa kumtsinje," anatero alamu.

Anandilanda thumbalo n'kuliyesa m'manja. Anasuzumira m'buti, nayesanso enawo, limodzilimodzi, osafulumira. Ine ndinkangowatsata ndi maso. Ndinkadziwa kuti akaika mtsamiro uja pansi n'kutembenuka, sitidzawaonanso kunja kuno.

"Atatu," anatero. "Ndinatha chonchi kodi?"

"Alamu, ine ndimangofuna kuti..."

"Mlamu, zaka zonsezi ndakhala pamwamba pa matayala awa. Mukuganiza kuti sindikanadziwa kuti kumbuyo kuno tilipo anayi? Ndinawamva tsiku loyamba lomwe, tisanatuluke n'komwe pa chipata. Komanso mng'ono wanga uja chipewa chimabisa makutu, koma khosi nalonso limafiira."

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Ndinaona manja anu akuthira tiyi tsiku limenelo, ali ming'alu yokhayokha. Munthu akakuswera mchenga woundana, sumuuza kuti mchenga sudziwa msewu."

Misozi inandituluka, ndipo inandikwiyitsa, chifukwa kuno misozi imaundana pa masaya. Alamu ananyamula thumba lobooka lija n'kukaliimika pa mpanda, kutali ndi galimoto. Pobwerera anadzisisita pamimba, pomwe chikhoti chinali chitayambanso kugwira.

"Ilo ndalidya kale, lisabwererenso. Awiri atsalawo muwasiye kaye, ndiziwachotsa ndekha. Uulkan atandikumbatira lero zala zake zikhoza kugundana, ndipo sindikufuna kukamupeza ndili choncho."

Anayala mtsamiro wawo pakati pa mpando wa kumbuyo, n'kuusalaza bwino ndi dzanja. Kenaka anayang'ana cha kukhomo kwa nyumba yanga.

"Batala uja alipo?"

Ndinalowa n'kukatenga chifu chonse, chomwe ndinkasungira alendo a chaka chatsopano. Ndinachiika patsogolo pawo pamodzi ndi supuni yaikulu, ndipo buledi ndinachita kuiwala.