Ulusi wa Achemwali

M'maloto, ndili pabwalo la chipatala chimene ndimagwirako ntchito, koma odwala onse asanduka zikhomo zokhomedwa pansi. Ulusi wofiira ukulumikiza aliyense ndi anthu amene amakumana nawo. Mayina awo ndafufuta kale ndi chala chonyowa malovu.

Kompyuta yathu yamera miyendo ya nkhuku. Ikujompha ulusiwo kuti iphunzire mmene matenda amafalira. Kenaka yaima pa chikhomo china.

"Awa ndi achemwali anu," ikutero. "Ndaninso wina ali ndi ulusi wopita kukwaya, kwa telala, ndi pawindo lolandirira mankhwala Lachiwiri?"

Achemwali akutuluka m'nthaka atavala yunifomu ya kwaya. "Iwe, si unati dzina wafufuta? Alamu ako sakudziwatu za mankhwalawa."

Ndikusolola ulusi pachitenje changa n'kumamanga wabodza. Achemwali ndawalumikiza kwa ogulitsa makala, abusa pawindo lija, inenso pawindo lomwelo. Chitenje chafupika mpaka m'mawondo, koma sindikusiya.

Kompyuta ikujomphanso. "Matenda ndikuwaona, koma munthu sindikumuona."

"Phunzira zomwezo basi," ndikuiuza.

Ndadzuka wopanda mantha, zala zanga zikufunabe kumanga mfundo ina.