Phokoso la njinga ya malemu

Njinga yamoto ya malemu bambo a ana anga inali ndi kaliridwe koti ukaimva kamodzi sungaiwale. Paipi yake ya utsi inabooka kalekale, ndipo iwo m'malo mogula ina anangodula chitini cha mafuta ophikira, n'kukulunga pobookapo, n'kumanga ndi waya. Ndiye ikamalira inkachita phwa-phwa-phwa, chitini chija chikuyankhira pambali ngati mwana akumenya chidebe. Ine phokoso limenelo ndinkadana nalo, ndisaname. Ndinkawauza kuti, "Inu, anthu akutiseka. Mudzi wonse ukudziwa nthawi imene mwachoka ndi nthawi imene mwabwera, mbuzi zomwe." Iwo ankangoseka, amvekere, "Njinga yoyenda mwakachetechete ndi ya akuba." Tinakangana za paipi imeneyo zaka zonse zimene njingayo inali pakhomo, ndipo sindinapambanepo.

Loweruka lililonse ankakwera ulendo wa kwawo, kuseri kwa mapiri mbali ya kumalire, kukaona mayi awo. Apongozi angawo maso anali atawathera pang'onopang'ono mpaka anangotsala osiyanitsa usana ndi usiku basi. Ankawatengera mchere, sopo, kaya kausipa, n'kubwerako dzuwa litapendeka.

Kenaka anadwala, njinga n'kulowa m'kachipinda kosungiramo mtedza. Atamwalira, katundu wawo sanayenere kukhudzidwa mpaka abale awo atabwera kudzandisudzula, mwambo wake ndi umenewo. Koma malume awo, amene anayenera kutsogolera zonse, anali ku Joni, ndiye tinadikira mpaka mvula inagwa n'kutha. Tsiku losudzula litafika anagawana malaya, wailesi ndi makasu. Njinga aliyense ankangoiyang'ana n'kupukusa mutu, popeza matayala anali ataphwa kale. Apongozi anati awagwire dzanja awafikitse pamene inali. Anapapasa mpando, n'kupapasa chiwongolero, kenaka anati, "Njingayi isachoke pano, ndi ya ana. Koma mpongozi wanga, ikadzalira mudzabwere nayo kwathu, ndidzaimveko." Ndinayankha kuti, "Chabwino amayi," monga mmene munthu umayankhira pamaliro, pakamwa pokha.

Nanga ndikanaiyamba ndi mphamvu ziti? Munda unali pa ine, ana pa ine, denga lodontha pa ine. Kachipinda kaja ndinkangolowamo kukatenga mtedza, maso kumbali. Mvula ina inadutsa, inanso n'kudutsa.

Tsiku lina ndikukumba mbatata, foni inalira. Anali alamu anga aakazi, achemwali awo a malemu, amene amasamala apongozi. Anati, "Alamu, amayi afooka. Chakudya akungolawa. Nkhani yawo ndi imodzi yokha, akuti kodi njinga ija siinalirebe?" Ndinakhala pamzere, khasu lili pamiyendo. Mumtima ndinati, koma gogo ameneyu, pa zonse zimene ndasenza ine, iye wakumbukira chitsulo? Ndinakwiya, koma mawu aja ndinali nditawanena ndekha pamaso pa anthu.

Mawa lake ndinatsegula kachipinda ndi kuchotsa matumba amene tinaifunditsa. Kalanga ine! Makoswe anali atamanga mudzi pansi pa mpando, makoko a mtedza tho, mawaya atawadula mwina ndi mwina. Tcheni chinali gwa ndi dzimbiri. Nditatsegula thanki, fungo linatuluka lowawasa, petulo wotsalira uja atasanduka zinthu zonanda ngati ulimbo. Kiyi yekha ndiye anali bwinobwino pamalo pake, mmene mwini wake anamusiyira.

Achimwene anga anandithandiza kuikankha mpaka ku Thambani kwa makaniko. Amene sanakankhepo njinga yamoto yakuphwa matayala m'mapiri a kwa Kanduku asandiuze za kutopa. Pokwera umakankha mpaka msana kuwotcha, potsika ndiye imafuna kukuthawa ikukukoka. Achimwene anadandaula njira yonse. "Chemwali, chinthu ichi n'chogulitsa kwa ogula zitsulo. Munthu wakufa sadzuka, njinga yake ndiye idzuke?" Ndinawauza kuti akankhe, zolalikira akachite Lamulungu.

Makaniko wake anali bambo wamfupi, wogwirira ntchito pansi pa kashedi ka malata kuseri kwa msika. Anaizungulira, n'kuimba mluzu, amvekere, "Mayi, iyitu si njinga, ndi mbiri yakale." Anyamata a kabaza amene anali pamenepo anaseka. Ine sindinaseke. Ndinati, "Ingondiuzani ngati ingalire." Anati, "Chitsulo sichifa, chimangofuna kuchinyengerera. Bwerani mawa."

Mawa limenelo, abale! Ndinaphunzira kuti mawa la makaniko silikhala pakalendala. Ndikafika ndinkapeza njinga yanga ili pakona, nkhuku itakwera pampando, iye ali jijirijijiri ndi njinga zatsopano za anyamata a kabaza, poti iwo amalipira pompopompo n'kubwerera pamsewu. Ndinkakhala pathayala lakutha mpaka masana, kenaka n'kuyamba ulendo wapansi wobwerera kumudzi, kukapeza mbuzi zili m'dimba la eni. Ndinagulitsa mbuzi imodzi. Makaniko anagula matayala, batire ndi tcheni. Pulagi tinachita kutumiza kuboma ndi woyendetsa pikapu, ndipo inabwera yosalowa. Tinatumizanso. Mawaya aja analumikiza limodzilimodzi akutukwana makoswe ndi makolo awo omwe. Kabuleta, kachitsulo kamene kamasakaniza petulo ndi mpweya, anakamasula n'kukatsuka, timabowo take akutokosa ndi kawaya kopyapyala.

Nthawi imeneyo petulo anali atasowanso. Ndinagula wa m'mabotolo, uja amabwera naye kuchokera ku Mozambiki, kwa munthu woti ndimapemphera naye tchalitchi chimodzi. Makaniko anaponda kiki yolizira njinga mpaka thukuta kamukamu, njinga n'kungotsokomola kamodzi, utsi woyera fwaa, kenaka zii. Ananunkhiza botolo n'kulavula. "Akuthirani palafini, mayi." Zonse zija anayambiranso, kukhuthula thanki, kutsuka kabuleta. Ndinafuna kulira koma misozi nayo imafuna mphamvu. Walira mvula walira matope, ndinadziuza choncho ndikukwera chitunda cha kwathu.

Foni ya alamu sinasiye. "Lero amwa phala pang'ono." "Lero sanadzuke pamphasa." Sankanenanso za njinga, koma ndinkamva kuti akudikira ndiyambe ndine. Ine ndinkangoti, "Yatsala pang'ono," mawu omwewo a makaniko amene ndinkadana nawo.

Inalira Lachinayi lina, tsiku la dzuwa loswa mtengo. Ndinali nditakhala pathayala langa lija ndikuwodzera, ndinangomva phwa, phwa, phwa-phwa-phwa, chitini chikuyankhira. Ndinadzambatuka. Kanthawi kochepa ndinayang'ana kumsewu, ngati munthu atulukira pakona ali ndi thumba la mchere kumbuyo. Kenaka ndinamva anyamata aja akuseka atatseka makutu, wina akukuwa kuti, "Chigayo chayamba, bweretsani chimanga!" Chisoni chija chinasanduka ukali. Ndinakwiyira anyamatawo, ndinakwiyira njinga, ndinakwiyira mwini wake amene anandisiyira zonsezi.

Makaniko anaithimitsa n'kugogoda paipi ndi sipanala. "Iyi yatha, mayi. Dzimbiri lokhalokha, chikuigwira ndi chitinichi. Ndili nayo ina yabwino, yochotsa panjinga imene inachita ngozi. Mukaika imeneyo muziyenda ngati nduna." Sindinaganize kawiri. Ndinati, "Chotsani." Ndinagulitsa nkhuku zimene ndinkasungira Khirisimasi. Paipi yakale ija anaiponya pamulu wa zitsulo, chitini chake chili lende. Atailizanso, njinga inangoti ndrrr, mofatsa, moti munthu ukanatha kucheza uli pambali pake. Mumtima ndinati, mwaona bambo a ana, si izi ndinkanena? Ndinamva kukoma kwa munthu wopambana mlandu, ngakhale wotsutsana naye panalibe.

Kuyendetsa ndinkadziwa pang'ono. Malemu anandiphunzitsa pabwalo la sukulu kuti ndizipita ndekha ndi tomato kumsika, koma ndinasiya chifukwa cha phokoso lomwe lija. Loweruka ndinavala buluku lawo mkati mwa chitenje, ndinamanga mchere ndi sopo kumbuyo, n'kunyamuka. Ndinayenda mwamantha, mapazi akukhwekhwereza pansi m'malo a miyala. Pakamtsinje ka kumunsi kwa mudzi wawo ndinagwa, bondo n'kusupuka, koma njinga sinazime. Ndinakwera kachitunda komaliza n'kuima pabwalo. Agalu sanauwe n'komwe.

Apongozi anali gone pamphasa pakhonde, atafunda nsalu ngakhale kunali kotentha. Anali atatha, manja ngati timitengo. Alamu anawagwedeza paphewa. "Amayi, alamu afika. Abwera ndi njinga ija."

"Ili kuti?"

"Si iyi yaima apayi. Simunaimve?"

Anapendeketsa mutu. Ndinaponda kiki, njinga inalira bwinobwino, ndrrr, monyadira. Ndinaonjezera moto kuti amve. Anamvetsera nthawi yaitali, nkhope ili phee. Kenaka anati, "Iyi ndi ya anyamata a kabaza. Zimadutsa apa tsiku ndi tsiku." Alamu anati, "Ayi amayi, ndi yomwe ija, angoikonza." Apongozi anakoka nsalu. "Musandipusitse poti sindiona. Ya mwana wanga ndimaidziwa." Anatembenukira kukhoma.

Ndinathimitsa. Ndinakhala pansi pomwepo pafumbi, bondo likutuluka magazi, osatha ngakhale kupereka moni. Mbuzi yanga, nkhuku zanga, maulendo onse aja a ku Thambani, ndabwera nazo kudzamva kuti ndine wonama. Ndinatopa kutopa kwenikweni, koti ukanandiuza kuti gona pomwepa mpaka chaka chamawa ndikanavomera. Alamu anabweretsa madzi n'kunong'oneza kuti, "Musadandaule, mutu wawo suli bwino masiku ano." Koma mutu wawo unali bwino. Iwo sanapemphe kuti adzaione njingayo, kapena kuikwera. Anati adzaimve.

Kubwerera ku Thambani kukafukula paipi yakale pamulu paja kukanatenga masiku, poti mawa la makaniko ndinali nditalidziwa, ndipo kupuma kwa apongozi sikunali kwa munthu wodikira masiku. Ndinafunsa alamu ngati ali ndi msomali waukulu. Anandiyang'ana ngati ndapenga, koma anakazula umodzi pachitseko cha khola. Ndinadikira paipi izizire, ndinagoneka njinga chammbali, ndinatola mwala. Kumenya koyamba msomali unaterereka n'kundisupula chala. Ndinatukwana, Mulungu andikhululukire. Ndinamenyanso, n'kumenyanso, mpaka unalowa. Ndinaboola pafupipafupi, pamalo pomwe yakale ija inabooka, kenaka ndinakulitsa bowo ndi chisenga. Paipi ya nkhuku zanga za Khirisimasi! Alamu anapeza chitini chakale kuseri kwa bafa, tinachidula ndi chikwanje, waya tinamasula pachingwe choyanikira zovala. Ndinamanga molekerera pang'ono kuti chizigwedera, monga ankachitira mwini wake.

Ndinali pafupi kuponda kiki pomwepo, koma ndinaima. Njinga ija sinkayambira pabwalo. Apongozi ankaimva ikuchokera kutali, ikuwoloka mtsinje, ikuvutika ndi chitunda. Ndinaikankha mwakachetechete kutsika nayo mpaka kumadzi kuja ndinagwera. Ndinapuma kaye. Kenaka ndinaponda.

Phwa! Phwa-phwa-phwa! Mbalame zinabalalika m'bango. Sinali ndendende ngati kale, inali yokwera mawu pang'ono, koma chitini chinkayankhira. Ndinakwera chitunda pang'onopang'ono, agalu a mudzi wonse akuuwa, amayi akutuluka m'makomo ndi zipande m'manja. Ine amene ndinkachita manyazi ndi phokoso limeneli ndinalionjezera dala.

Nditatulukira pabwalo ndinapeza apongozi atadzuka okha, atakhala tsonga, akukonza duku. Nkhope yawo inali kunjira. Ndinaima patsogolo pa khonde, ndipo ndinawamva akuuza alamu mokweza kuti apose phokosolo, "Iwe, ika madzi pamoto, wafika. Lero ndiye wachedwa."

Alamu anagwira pakamwa n'kuthawira kuseri kwa nyumba. Ine ndinatsala pampando, dzanja lili pa kiyi. Ndinadziwa kuti ndikangothimitsa padzakhala chete, ndipo m'chetemo adzadikira mawu a munthu wopereka moni. Petulo anali wochepa, kwathu kunali kutali, bondo linkawawa. Ndinachotsa dzanja pa kiyi, n'kuisiya izilira.