Raimundo ndi Apongozi Ake pa Tsiku la Mpikisano

Raimundo Cipriano anabadwira ku Zambia, mumsasa wa othawa nkhondo, ndipo kwawo ku Chifunde, kutsidya kwa malire, anafikako ali kumsana kwa mayi ake. Atakula anapeza ntchito pamalire pa Cassacatiza, yotsitsa ndi kukweza matumba m'magalimoto akuluakulu. Simenti, feteleza, chimanga, zonse zinkadutsa paphewa pake. Sanali munthu wa nkhani zambiri. Moni ankayankha bwinobwino, koma wofuna miseche ankayenera kukafunsa kwina.

Tsiku lina masana, woyendetsa galimoto wina amene mapepala ake anachedwa pamalirepo anamuonetsa kanema pa telefoni. Anali masewero a mayiko a pazilumba za m'nyanja yamchere, kumene amapikisana kuthamanga, kusambira ndi zina zotero. Koma chimene chinamugwira mtima Raimundo ndi amuna asanu amene anaima pansanja atadzola mafuta thupi lonse, akukunga minofu pamaso pa oweruza. Sankamenyana, sankanyamula kanthu. Ankangoonetsa thupi limene analimanga kwa zaka zambiri, wopambana n'kuvekedwa mendulo, mbendera ya dziko lake n'kukwera. Raimundo anapempha kuti aonerenso, n'kuonereranso kachitatu. Zoti thupi lotere n'kuliombera m'manja anali asanazimvepo, iye amene ankangolidziwa ngati chonyamulira katundu wa eni.

Anatola chitsulo cha galimoto yakufa, n'kuthira simenti m'zitini ziwiri za penti, n'kuzimangirira uku ndi uku. Koma zida zakezo sanaziike pakhomo. Anakaziika kudimba, kuseri kwa nthochi, ndipo chifukwa chake chinali apongozi.

Pokwatira Rosalina, Raimundo anamanga nyumba kwawo kwa mkazi, moyang'anizana ndi ya mayi Delfina, amake a Rosalinayo. Masiku ano ambiri anazitaya zopewana, moti mkamwini amapisa mbale imodzi ndi apongozi n'kumaseka nawo ngati anzake a ku mpira. Pakhomo pa mayi Delfina zimenezo kunalibe. Zaka zisanu ndi ziwiri zinatha awiriwa osayang'anana m'maso. Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira kuudzu. Mawu onse ankadzera mwa Rosalina. Ndipo dzuwa liwambe bwanji, Raimundo sankavula malaya pabwalo. Sikuti ankadana, ayi. Umenewo ndiwo unali ulemu wawo, ndipo Raimundo, amene mayi ake anamwalira iye akadali wamng'ono, ankaunyadira kwambiri. Ankadziwa kuti kuchitsime mayi Delfina amamutchula kuti mkamwini wa mwambo.

Atanyamula zitini zake kwa zaka zinayi, mwayi unamupeza. Stélio, mphunzitsi wa masewero pasukulu ya m'deralo, analengeza kuti pa chikondwerero cha ufulu wa dziko padzakhala mpikisano woonetsa minofu, ndipo atatu opambana adzapita kukapikisana mumzinda wa Tete. Raimundo ndiye anayamba kulembetsa. Atasaina, mphunzitsi uja anamupatsa chovala cha mpikisanowo: kakabudula kofiira, kosakwana ngakhale kukulungira mchere.

Rosalina atakaona anaseka mpaka kukhala pansi. Kenaka kuseka kunamuthera.

"Bambo a Celina, mukudziwa kuti amayi adzakhalako? Gulu lawo la amayi a ku parokiya, kutchalitchi kuja, ndilo lidzatsegule chikondwererocho ndi nyimbo. Mphasa zawo zimakhala kutsogolo."

"Ndiye mukawapemphe kuti akaimba adzachoke."

"Inu, ndikayambira pati? Ndikati amayi, nyamukani, akamwini anu akufuna kuvula?"

Masiku otsatirawo Raimundo ankapitabe kudimba, koma zitini zija zinkamulemera kuposa kale. Ankaopa. Anali ndi zaka makumi atatu ndi zitatu, ndipo mpikisano wotere sukanabweranso msanga ku Cassacatiza. Koma kuima ndi kansalu kaja pamaso pa apongozi, anthu onse akuona, kunali kutaya m'mphindi zochepa dzina limene analisunga zaka zonsezi. Ngati Rosalina anawauza kanthu mayi ake, iye sanamufotokozere, ndipo Raimundo anachita manyazi kufunsa.

Tsikulo linafika. Nsanja inali ngolo ya galimoto yaikulu imene anaiimika pabwalo la mpira. Amayi a ku parokiya anaimba, akuluakulu analankhula motalikitsa monga amachitira, ndipo dzuwa litapendeka Stélio anaitana opikisana. Analipo asanu ndi mmodzi, ena atapalasa njinga kuchokera ku Mualadzi. Kuseri kwa ngoloyo onse anadzola mafuta ophikira, chifukwa ena aja a pa kanema kuno akanawagula kuti. Anyamata asanu anakwera atavula kale, akunyezimira ngati zitumbuwa zongochoka pamoto. Raimundo anakwera pomalizira, atavala malaya ndi buluku pamwamba pa mafuta.

"A Raimundo," anatero Stélio pa chokuzira mawu, "oweruza athuwa saweruza malaya."

Anthu anaseka. Raimundo anaponya maso pansi, ndipo pakona pa diso anawaona mayi Delfina. Anali pamphasa ya kutsogolo kwenikweni, atavala chitenje cha gulu lawo, Rosalina ali pambali pawo. Dzanja lake linafika pa batani loyamba n'kuima pomwepo. Anadziwa kuti sangathe. Anatembenuka kuti atsike.

Pamenepo mayi Delfina anadzuka. Anadzuka pang'onopang'ono, atagwira bondo, poti mawondo awo anali atayamba kuvuta. Anthu anaganiza kuti akuchoka, ndipo ena anayamba kale kuwapatsa njira. Koma iwo anangokonza chitenje, n'kutembenuka, n'kukhalanso pamphasa yomweyo atafulatira nsanja, nkhope yawo itayang'ana khamu lonse la anthu. Kenaka anamunong'oneza Rosalina, ndipo Rosalina anakweza mawu.

"Bambo a Celina, amayi akuti iwo akhala bwino. Akuti gwirani ntchito imene mwabwerera."

Raimundo anavula. Bwalo lonse linachita phokoso. Ngakhale anzake onyamula nawo matumba, amene ankamuona tsiku ndi tsiku, sankadziwa kuti m'malaya ong'ambika aja munali zoterezi. Anakunga mikono, anaonetsa msana, anachita zonse monga anaonera pa telefoni paja. Mayi Delfina sanacheuke ngakhale kamodzi. Mayi wina wa gulu lawo anawakoka chitenje kuti angosuzumirako pang'ono, iwo n'kumumenya padzanja.

Oweruza anamuika pachiwiri. Woyamba anali mnyamata wa ku Mualadzi, amene miyendo yake inali yokhwima kuposa ya Raimundo, ndipo kunena zoona anayenera. Koma Raimundo nayenso ulendo wa ku Tete anaupeza, ndipo anatsika pangolopo ndi chimwemwe.

Atapukuta mafuta n'kuvala, anauyamba wa kumudzi, akuyenda kumbuyo patali monga mwa masiku onse. Kutsogolo kunali Rosalina ndi mayi ake, ndipo mawu awo ankamveka bwino m'kanjira kaja.

"Amayi, mwaphonya. Mwangokhala poyera chonchija osaona kanthu."

"Ndani wakuuza kuti sindinaone?" anatero mayi Delfina osatembenuka. "Ine ndimayang'ana nkhope za anthu. Mudzi wonse unali kukamwa yasa chifukwa cha mwana wa pakhomo panga. Uwauze akamwini kuti ndawaona."