Ndinawalembetsa Inshulansi Apongozi Anga Osawafunsa

Pamene ndikulemba pano, m'nyumba mwathu muli munthu wamkulu amene moyo wake watsamira pa kachubu kapulasitiki, ndipo amene ndinamufikitsa pamenepo ndi ine. Sindinamumenye, sindinamuchite chipongwe chilichonse, ndinangosayina pepala. Inu owerenga amene muli ndi makolo okalamba, ndimvereni mpaka kumapeto, chifukwa mantha amene ndikugona nawo ine sindikufunira munthu wina aliyense.

Kwathu ndi ku Dedza, koma ndinakwatiwa pamudzi wina kufupi ndi Manyamula kuno ku Mzimba. Amuna anga ali ku Joni monga alili amuna ambiri a kuno, ndipo amabwera kamodzi pa chaka zikayenda bwino. Apongozi anga aakazi anamwalira kalekale, choncho pakhomo tinatsala ine, ana ndi apongozi aamuna. Nditangofika pamudzipa, azimayi anandilangiza mwambo wa kuno: mkamwana satchula dzina la apongozi ake aamuna, sawayang'ana kumaso, ndipo akafuna kulankhula nawo amagwada chapatali, mawu akhale ochepa. Ine pokhala wobwera ndinaugwira mwambowu kuposa eni ake, kuopa kuti angamanene kuti Mchewa uja sanalangizidwe kwawo. Zaka khumi ndi ziwiri ndinawaphikira ndi kuwatenthetsera madzi osamba, koma mawu onse amene ndinalankhula nawo sangadzaze tsamba limodzi la kope.

Tsiku lina amuna anga anaimba foni n'kundiuza kuti ndiwalembetse bambo awo inshulansi ya chipatala, ija munthu amalipira mwezi ndi mwezi kuti akadwala kampani izimulipirira ku chipatala cholipira. Ndalama azitumiza iwo. Nditamva kuti ofesi zake zili ku Mzuzu ndinagwa ulesi, poganizira ulendo ndi kusiya ana okha. Patangopita sabata, ndili pamsika wa paboma, ndinakumana ndi bambo wina akugawa timapepala ta inshulansi. Anali atavala malaya a chizindikiro cha kampani, khadi ili lende m'khosi, pakamwa pali tseketseke. Anati iye ndi ajenti, ndipo atha kubwera kunyumba kudzamaliza zonse ine osavutika.

Mayi wina wachisilamu amene ndimagulako zitenje pamsikapo anandikokera m'kati mwa shopu yake.

"Mlongo, za mapepala pita ku ofesi ukamve ndi makutu ako," anatero. "Awa amalipidwa potengera mitu ya anthu amene alemba."

Ndinaseka, mumtima ndikuti amalonda amakayikira aliyense. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine khutu langa tsiku limenelo linali lachikopa.

Ajenti uja anabweradi pa njinga yamoto. Asanatulutse n'cholembera chomwe, anandiuza kuti pali ndalama ya mafomu, ya mafuta a njinga, ndi ina yofulumizitsira khadi. Ndinapereka zonse. Tinakhala pakhonde la nyumba yanga, apongozi ali pakhola akukonza goli la ng'ombe, pamtunda woti ukatsokomola akumva. Titafika pa funso la zaka, ndinatchula chaka chimene anabadwa. Bamboyo anapukusa mutu, nati pa msinkhu umenewo kampani imavuta ndiponso mtengo umakwera, ndiye anachotsapo zaka zisanu ndi zinayi. Anati aliyense amatero.

Kenako linabwera funso limene landiwonongera mtendere. Anafunsa ngati madala ali ndi matenda alionse okhalitsa. Inu owerenga, ndisanamizire kusadziwa. Ndinkaona kuti mapemphero a Lamulungu asanathe apongozi amatuluka m'tchalitchi katatu, ndiponso kuti akalowa kuchimbudzi amachedwako. Ndinkaona kuti miyezi ina amapalasa njinga m'mawa osanena kumene akupita. Koma mkamwana angayambire pati kufunsa apongozi ake aamuna za pokodzera? Kungoganiza kokha nkhope inanditentha. Ndinayankha kuti sindikudziwa bwino.

"Palije suzgo, mama," anatero ajenti uja m'chinenero cha kuno, kutanthauza kuti palibe vuto. "Mbwenu tingolemba kuti ali bwinobwino. Tisawavutitse adada, mwini wolipira ndinu, sayinani apa."

Kunena zoona mtima wanga unakhala pansi kuti wandipulumutsa ku manyazi. Ndinasayina pansi pa mizere yachingerezi imene sindinaiwerenge n'komwe. Kwa zaka pafupifupi ziwiri ndinkamutumizira ndalama pafoni mwezi uliwonse, pamwamba pake n'kuwonjezerapo imene ankaitcha ya ntchito yake. Khadi inabwera, yonyezimira bwino, ndipo ndinaisunga m'Baibulo. Ndinkayenda modzitama kuti pamudzi ponse ndi ife tokha amene nkhalamba yathu ili pa inshulansi.

Tsoka linafika masana ena mwezi wokolola chimanga. Ndinamva kubuula kuseri kwa nyumba ya apongozi, kubuula koti munthu wamkulu sachita pokhapokha zafika posauzana. Ngakhale pamenepo sindinawayandikire, ndinathamangira kukaitana alamu anga, msuweni wa amuna anga amene amakhala kutsidya kwa dambo. Anawapeza atagwada, mimba ili gwa, mkodzo utatsekeka kuyambira dzulo lake. Tinachita hayala galimoto mpaka kuchipatala cha mishoni, kumene anawaika kachubu kotulutsira mkodzo m'kathumba. Adokotala anati chimene chimatseka njira ya mkodzo mwa amuna achikulire chatupa kwambiri, impso zayamba kutopa, ndipo pakufunika opaleshoni msanga. Anati kuchipatala chachikulu cha boma mzere ndi wautali, koma ngati tili ndi inshulansi, cholipira cha ku Mzuzu chitha kuwathandiza sabata yomweyo.

Tinafika ku Mzuzu ine ndili patsogolo, khadi m'manja. Mtsikana wa pakauntala analandira khadiyo, chitupa cha unzika cha apongozi, ndi buku lawo la kuchipatala limene alamu anatulutsa m'jekete la madala. Bukulo ine ndinali ndisanalionepo. Mtsikanayo anatsegula masamba, anayang'ana pakompyuta, anaimba foni, kenako anandipatsa kuti ndilankhule ndekha ndi a kukampani.

"Mayi, fomu ikunena kuti bambowa alibe matenda, koma buku likuonetsa kuti vutoli akhala nalo zaka zisanu. Zaka zakubadwa nazonso zikusiyana ndi za pachitupa. Sitilipira, ndipo khadiyo tikuitseka. Amene anasayina kuti zonsezi ndi zoona ndinu, ndipo nkhani zachinyengo ngati izi nthawi zina zimafika kupolisi."

Ndinakhala pansi pa simenti, anthu akundiyang'ana. Ndinaimbira ajenti uja. Anayankha kamodzi kokha, nati akubwera, ndipo kuchokera tsiku limenelo nambala yake sinapezekenso. Nditapita ku ofesi ija ndinkaiopera ulendo, anandiuza kuti munthuyo anasiya ntchito, mafomu ndi aulere, ajenti amalipidwa ndi kampani, ndipo zowonjezera zonse zija zinkathera m'thumba mwake. Anandiuzanso chimene chinandilasa koposa: tikananena zoona, panali ndondomeko ina ya okalamba, yokwera mtengo pang'ono ndiponso yodikira kanthawi, koma pofika nthawi imeneyo ikanakhala itayamba kugwira ntchito.

Ndinawauza amuna anga pafoni. Iwo anangofunsa kuti, "Adada ali moyo?" Masiku ano mapepala awo a ku Joni sali bwino, akangotuluka sadzalowanso, ndipo ndalama zimene akanasunga ndi zomwe zija ndinkatumiza kwa ajenti. Tinagulitsa ng'ombe imodzi, koma inangokwanira zoyeza, mankhwala ndi maulendo. Mtengo wa opaleshoni unali kutali.

Tsiku lija anatikanira khadi, tisanachoke ku Mzuzu, tili pabenchi panja pa chipatala, apongozi anauza alamu kuti akufuna kuona pepala limene ndinasayina. Anavala magalasi awo n'kuyamba kuwerenga Chingerezi chija pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere. Paja anaphunzira sukulu ya mishoni ku Embangweni ndipo anagwirapo ukalaliki kuesiteti ya fodya, zimene ine ndinkazidziwa bwinobwino. Atamaliza anandikodola, ine ndili chogwada patali monga mwa nthawi zonse.

"Mwana wane, senderani kuno," anatero. "Tsiku lija ndinali pakhola pomwepo, njinga yamoto ndinaiona. Mukanangonditumizira pepalali, mbwenu ndikanalemba ndekha. Matenda si chitukwano. Ulemu wanu wandipweteka chomene."

Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Aka kanali koyamba kuti andilankhule mawu ochuluka chotero, ndipo ndinalira ngati mwana pamaso pa anthu.

Tsopano yatha miyezi isanu tili pamzere wa chipatala cha boma. Kachubu kaja amakasintha mwezi ndi mwezi, ndipo kawiri konse kawabweretsera kutentha thupi koti ndinkaona ngati akupita. Nambala yachilendo ikaimba, ndimadzifunsa: kaya ndi achipatala akutiitana, kaya ndi apolisi. Apongozi akachedwa kutsegula chitseko m'mawa, ndimaima panja, kuopa kugogoda. Ndikuopa kuti impso zitopa tsiku lathu lisanafike. Ndikuopanso tsiku limene ndidzaime pamaso pa abale a amuna anga, aliyense akudziwa kuti dzina limene lili papepala lija ndi langa.

Inu owerenga, inshulansi si yoipa, ndipo si ajenti onse amene ali ngati uja ndinakumana naye ine. Koma wina akakuuzani kuti pali ya fomu kapena yofulumizitsira, kafunseni ku ofesi musanatulutse kanthu, ndipo ndalama zanu muzilipira kukampani komweko. Akakuuzani kuti tichotseko zaka kapena tibise matenda, dziwani kuti iye adzalandira zake n'kupita, bodzalo lidzatsala ndi inu pakauntala wodwala wanu akubuula. Koposa zonse, mwini thupi akhalepo polemba. Ngati mwambo sukulolani kumufunsa, itanani amene angathe kumufunsa, kapena mpatseni pepalalo awerenge yekha. Safunsa anadya phula, koma phula langa ine akudya ndi munthu wosalakwa.

Alamu anga ali ndi banja lawo ndi minda yawo, sangabwere tsiku lililonse. Choncho amene amakhuthula kathumba ka mkodzo ka apongozi, n'kukayang'anitsitsa padzuwa ngati muli magazi monga anatilangizira anamwino, ndine mkamwana wawo. Ndimawafunsa m'mawa uliwonse ngati pakupweteka, ndipo amandiyankha bwinobwino, popanda ndi mmodzi yemwe wochita manyazi. Funso lake ndi lalifupi chomwecho, ndipo ndinachedwa nalo zaka ziwiri.