Msampha wa Atsibweni ndi Pulogalamu ya Esinati

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, nguluwe zitatimalizira chinangwa kwathu ku Limbuli. Atsibweni anga, osula zitsulo a kutsidya kwa mtsinje wa Muloza, anabwera ndi msampha wachitsulo wonunkha oyilo, nautchera m'mphepete mwa munda.

"Nyama ikagwa tengani," anatero. "Koma mukathana nawo mundiitane. Wotchera ndine, womasulanso ndine."

Ine kuyambira kale sindinkafuna kuuzidwa. Ngakhale lero ndikayankhula pamsika anthu amatembenuka. Chinangwa chitakumbidwa, ndinati kuwolokera mtsinje chifukwa cha kachitsulo? Ndinazula kamtengo kamene ndinkakaona, chitsulo chinalira kamodzi, ndipo ndinauza mng'ono wanga Lusiyano kuti msampha wafa, aunyamule.

"Mwaumasuladi, achimwene?"

"Nyamula, iwe. Ukuona ngati ndine mwana?"

Kunsi kunali chokowera chachiwiri, chodziwa mwini wake yekha. Msampha unafwamphuka. Zala zitatu za Lusiyano zinatsala m'masamba ouma. Kunyumba ndinanena kuti chitsulo chinangolumpha chokha, ndipo ndinkati Lusiyano, poti anali wamng'ono, anaiwala zina zonse. Bambo anatukwana atsibweni, ndipo atsibweniwo anamwalira osapondanso pakhomo pathu.

Mwezi wathawu mdzukulu wanga Esinati anabwera kuchokera ku Blantyre, chikwama m'manja, ntchito itamuthera. Ankalemba pulogalamu ya pakompyuta yowerenga sikelo ya masamba a tiyi. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 2, koma ndinati andifotokozere, mutu ndili nawo.

Akuti pulogalamu yakeyo siyankhula ndi sikelo mwachindunji. Imapempha kwa inzake yopangidwa ndi eni sikelo, imene amaitcha DLL. Inzakeyo imaumba kanthu, n'kuikamo kulemera kwa masamba, n'kupatsira pulogalamu ya Esinati.

"Ndikathana nako ndimayenera kukabweza kuti akafafanize okha, agogo. Malo amene kakhala m'kompyuta anapatula ndi iwowo, m'njira yawo. Ine ndinkangokafufuta ndekha."

"Ndiye chinalira?"

"Pakompyuta yanga ayi, zimayenda bwinobwino. Zinakafera kumunda, anthu ali pamzere ndi madengu kumsana, masiku atatu otsatana."

"Abwana unawauza chiyani?"

"Ndinati ndalakwa ndine. Zinalembedwa m'buku la eni sikelo, sindinawerenge."

Pomwepo ndinakumbukira msampha wa atsibweni uja.

Tsopano ndikudziwa kuti chinthu chokupatsira mnzako umangoona pamwamba pake. Za kunsi amadziwa ndi wochipanga, ndipo ndiye woyenera kuchimasula. Kuti chalira kamodzi sikuti chafa. Koma zimenezo atsibweni anandiuza kale. Chimene ndaphunzira kwa mwana wa mwana wanga n'chakuti iye anavomera tsiku lomwelo, pamene ine ndasenza bodza mpaka imvi.

Lusiyano ali ku Nkando, amagulitsa tomato, akumapereka ndi dzanja lamanzere. Loweruka ndinakwera minibasi kukamuuza. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, akupukuta tomato mmodzimmodzi.

"Ine ndinkakumbukira, achimwene," anatero. "Amene munayenera kuwauza ali kumanda."