Timakoko Titatu ta Bambo

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinawalepheretsa bambo anga kupita ku mpikisano umene anaudikira kwa zaka zambiri. Nkhaniyi sindiikamba kawirikawiri, koma yandibwerera mwamphamvu kuno ku Doha, kumene ndimalandira alendo pa hotela ina ku West Bay.

Tinkakhala ku Zomba. Bambo atapuma ntchito yokonza mfuti ku polisi, analowa kalabu ya anthu owombera chandamale ndi pisitolo. Zipolopolo zogula zinkasowa, komanso iwo sankazikhulupirira, choncho ankadzaza okha. Chilolezo chake anachipachika pakhoma pafupi ndi chithunzi cha ukwati. Kuseri kwa nyumba kunali kachipinda ka malata momwe munali tebulo, sikelo yaing'ono ndi chitsulo chofinyira. Akawomba, ankatola timakoko ta mkuwa totsala pansi, n'kutitsuka mpaka waliwali. Kenako ankatiimika m'mizere pa thabwa la mabowo, n'kumathira onga woyeza bwino m'kakhoko kalikonse. Onga ukachuluka m'kamodzi kokha, mfuti ikhoza kuphulikira munthu m'manja. Izi tonse m'nyumba tinkazidziwa ngati pemphero la Atate Wathu.

Amayi ankaseka kuti ali pa mitala, mkazi mnzawo ndi sikelo. Lamulo la m'kachipindamo linali limodzi: simulowa mwana, simulowa mphaka. Ine ndinkangosuzumira pa kabowo ka lata, n'kumanunkhiza mafuta a mfuti.

Chaka chimenecho kunali mpikisano ku Blantyre wosankha anthu oti akawombere kunja kwa dziko. Bambo anali asanakwerepo ndege. Pasipoti anali atapangitsiratu, ndipo nthawi zina ndinkawapeza akuitsegula n'kumayang'ana masamba ake opanda kanthu.

Lachisanu masana, mpikisano uli mawa lake, anathira onga m'timakoko makumi asanu n'kuunika kalikonse ndi tochi. Asanatitseke ndi mitu ya zipolopolo, pachipata panafika munthu wodzanena uthenga wa maliro a kumpingo. Wotere sachedwetsedwa panja. Bambo anatuluka mofulumira, chitseko n'kuchisiya pululu.

Ndinalowa m'kachipinda muja, ndinati ndingoona basi. Timakoko tija tinali ndandanda, tokongola, ndipo ndinatambasula dzanja kuti ndikhudze kamodzi. Mkono wa juzi unakola thabwa. Titatu tinagwa, onga n'kumwazika patebulo ngati njere za bonongwe. Ndinausesera pa pepala, n'kuugawa m'timakoko tija mongoyerekeza ndi maso. Ndinatiimika m'malo mwake n'kuthawa. Bambo atabwerera anapitiriza pamene anasiyira, ndipo zipolopolo zonse zinalowa m'bokosi limodzi.

M'mawa bambo anandipatsa chikwama chawo kuti ndiwaperekeze kumsewu, kumene mnzawo wa ku kalabu ankadzawatenga pa galimoto. Njira yonse maso anga anali pa dzanja lawo lamanja, lija ankandigwira nalo powoloka msewu. Ndinkadziuza kuti mwina palibe chichitike. Galimoto itaima, mawu anatuluka okha.

"Bambo, dzulo ndinagwetsa timakoko titatu. Onga ndinabwezeramo ndekha."

Bambo anatembenukira kwa ine. "Timakoko titi, pa mzere uti?"

"Sindikukumbukira."

Mnzawo uja anayesa kuwanyengerera. Zipolopolo zake zinalipo, koma sizinkalowa mu pisitolo ya bambo, ndipo nthawi yodzazanso zina panalibe. Bambo anangoti, "Pitani, achimwene, mukawombe bwino." Anatenga chikwama m'manja mwanga, tinabwerera.

Ndinkayembekezera chikwapu, ndipo kunena zoona ndinkachifuna, kuti mlandu uthe. M'malo mwake anatenga kampando kukhitchini n'kukaika m'kachipinda muja, pambali pa tebulo. Anayamba kumasula zipolopolo chimodzichimodzi, kukhuthulira onga pa sikelo, ine n'kumawerenga mokweza pamene muvi waima. Ndikathamanga ankati, "Bwerezanso." Malata anatentha, thukuta linayenderera, amayi anaitana kawiri osayankhidwa. Pofika madzulo tinatipeza titatu tija. Tiwiri tinali toperewera pang'ono, kamodzi kopitirira pang'ono, koma bambo anati panalibe kamene kakanaphulitsa mfuti.

Apo m'pamene ndinalira zenizeni. "Ndiye mwatsalira pachabe!"

"M'mawa muja tinkadziwa zimenezi?" anandifunsa. "Chimene ndikuchikayikira sindiika m'mfuti, mwanangu. Pambali panga pamaima anthu a ana awo."

Chaka chotsatira maso awo anayamba kuchita ng'ala, ndipo sanapikisanenso. Pasipoti ija inatha masiku ili yoyera. Nkhani ya tsiku limenelo sanaitchulenso, ngakhale pokwiya, ngakhale pa nthabwala. Anatisiya ine ndili m'chaka changa chachiwiri kuno.

Mwezi watha pa hotela pathu panafika gulu la akatswiri owombera chandamale, atavala majekete ofanana. Pakati pawo panali bambo wina waimvi, amene anaima phee osagwedera pamene anzake ankapiringizika ndi katundu. Kaimidwe kameneko ndinkakadziwa. Ndinangoti kakasi, mpaka Tamanda, mtsikana wa ku Dedza amene ndimagwira naye, anandigunda ndi chigongono.

"Sisi, mwangouma ngati chipilala bwanji? Magesiti akudikira makiyi, yalla, fulumirani!"

Shifiti itatha sindinapite ku Al Nasr kumene ndimagona. Ndinatsikira ku Corniche, m'mphepete mwa nyanja, n'kumangoyenda, mphepo yotentha ikundiwomba kumaso, ndikuwasowa bambo anga ngati anamwalira dzulo.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti tsiku lija anandiphunzitsa kusamala pa ntchito. N'zoona, koma tsopano ndikuona chinanso. Munthu amene ulendo wa moyo wake unali utangomupulumuka anali ndi chifukwa chokwanira chondikwapulira, ndipo palibe akanamudzudzula. Koma akanatero, ndikanaphunzira kuti kuulula kumapweteka kuposa kubisa, ndipo ulendo wina ndikanatseka pakamwa. Anameza zowawa zawo kuti mwana wawo asadzaope kunena. Ine panthawiyo ndinkangoona timakoko, osaona zimene zinkachitika mumtima mwa munthu amene anali pambali panga.

Ndege ndakwera kangapo tsopano, ndipo pasipoti yanga yadzaza zidindo. Sindinawafunsepo kuti ankafunitsitsa kukaona chiyani kunjako, ndipo wondiyankha palibenso.